Mpikisano Umene Nadzonzi Sanafune Kupambana

Mukadzafika mu ufumu wa Msamuko, musadzafunse munthu kuti, "Mumakhala kuti?" Funso limenelo kumeneko ndi lamwano. Anthu oleredwa bwino amafunsa kuti, "Mwezi uno mukukhala kuti?"

Ufumuwu uli ndi mitundu iwiri ya anthu basi: eni nyumba ndi a lendi. Eni nyumba amakhala kuphiri la Kumipanda, kumene ngakhale agalu ali ndi tinyumba tawo tosadontha. A lendi amakhala kumunsi, ku Mtolakatundu, ndipo kumeneko munthu wanzeru sataya katoni. Mpando amagula wopinda, bedi lomasula, maluwa amadzala m'zitini. Mpiru ndi bonongwe amadzala pansi chifukwa sizichedwa, koma mtengo ayi ndithu.

Chodabwitsa china nchakuti mwini nyumba aliyense ali ndi mwana amene ali Kutsidya, ndipo mwanayo nthawi zonse amakhala ali pafupi kubwera. Wa lendi akangopaka laimu kukhoma, mwana uja wanyamuka. Akakonza chitseko, mwana uja wafika pachipata cha dziko. Akathira simenti pakhonde, he! mwana uja akubwera ndi mkazi ndi ana atatu, nyumba ikufunika Loweruka lomweli. Ana amenewa palibe amene anawaonapo ndi maso. Wolowa m'nyumbamo amakhala wa lendi wina, wovomera lendi yokwererapo.

Wolamulira dzikoli anali Mfumu Chikhalire Wachinayi, munthu wofatsa, wobadwira m'chipinda chomwe anabadwira bambo ake ndi agogo ake. Tsiku lina kumapeto kwa mwezi, mdipiti wa magalimoto ake unaima maola awiri pamsewu wa ku Mtolakatundu chifukwa cha ngolo. Ngolo kutsogolo, ngolo kumbuyo, zonse zitasenza mabedi, mbaula, mitondo ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Mfumu inabwerera kunyumba yachifumu thukuta lili kamukamu, ndipo inaitanitsa bwalo la nduna.

"Anthu anga akuthawa nkhondo yanji imene ine sindinauzidwe?" inafunsa mfumu.

"Wawa, si nkhondo ayi. Akusamuka," anayankha Olemekezeka a Zangazonse, Nduna ya Madenga ndi Zitseko.

"Akupita kuti?"

"A kumtunda akupita kumunsi, a kumunsi akupita kumtunda, wawa."

"Nanga osangokhala bwanji aliyense pamene ali?"

Nduna zonse khumi ndi ziwiri zinayang'ana pansi nthawi imodzi, pakuti iliyonse inali ndi mdadada wa nyumba ku Mtolakatundu ndi mwana Kutsidya. Zinagwirizana kuti funso lozama chotere likufunika kafukufuku. Kafukufukuyo anatenga miyezi isanu ndi inayi, ndipo anachitikira pakhonde la hotela ya pamwamba pa phiri, pamene Mtolakatundu yense amaoneka bwinobwino popanda kuponda matope.

Pa tsiku lopereka lipoti, a Zangazonse anavala suti ya mabatani agolide, nakhosomola katatu.

"Wawa, tapeza zinthu ziwiri. Choyamba, kusamuka ndi chikhalidwe cha anthu amenewa. Amakukonda. Ife sitingalowerere pa miyambo ya anthu. Chachiwiri, anthu a lendi sakonda nyumba. Makoma akuda, zitseko zopendama, pabwalo popanda ngakhale duwa limodzi. Eni nyumba amawachotsa misozi ili m'maso, pofuna kupulumutsa nyumbazo. Mankhwala ake ndi amodzi: tiwaphunzitse ukhondo."

Bwalo lonse linaomba m'manja, ndipo mawa lake wailesi ya ufumu inalengeza mpikisano wotchedwa Konda Khomo Lako. Wa lendi amene nyumba yake idzapezeke yosamalika kuposa zonse adzalandira mphoto kuchokera m'manja mwa mfumu yeniyeniyo.

Nkhaniyi itafika pamsika wa Pitanibwino, anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Zuze, wokoka ngolo wodziwika Mtolakatundu yense, amene anasamutsapo banja lililonse kosachepera kawiri, anayedzamira ngolo yake napukusa mutu.

"Amene apambaneyo andiuziretu tsiku, ndidzabwere ndi zingwe," anatero Zuze.

"Ine ndinangotsuka mawindo chaka chatha, mwana wa alandilodi anaimba foni tsiku lomwelo," anatero mayi wina wogulitsa tomato. "Nanga kupambana mpikisano? Abwera ndi ndege."

Pakhonde la sitolo pafupi pomwepo panali telala wina, mayi Nadzonzi, akupalasa mashini ake. Zuze anatembenukira kwa iwo.

"A Nadzonzi, inu ndiye mphunzitsi wathu. Titani?"

"Muchite zomwe timachita masiku onse," anayankha Nadzonzi osakweza mutu. "Kungoti muwonjezereko pang'ono."

Mayi ameneyu ankalemekezedwa pa chifukwa chimodzi: anali atakhala m'nyumba imodzi zaka zisanu ndi chimodzi. Ku Mtolakatundu zimenezo nzosamveka. Akazi ongokwatiwa kumene ankapita kwa iye kukaphunzira, chifukwa kunyasitsa nyumba ndi luso, si uve wamba ayi. Kukhoma la kumaso Nadzonzi anajambulako mng'alu ndi khala, wochokera kudenga mpaka pansi, wokhala ndi timing'alu tina m'mbali, moti mmisiri akanalumbira kuti nyumbayo sifika dzinja. Pabalaza ankaika ndowa ziwiri pansi pa malata osadontha. Chitseko anachisiya chikulira. Mwini nyumba, a Dzoole, akabwera kumapeto kwa mwezi, Nadzonzi ankawalandira ndi nkhope ya munthu amene sanagone, nkuyamba kuwalozera mng'alu uja. A Dzoole ankangoti, "Tiona, tiona," nkubwerera chafutambuyo mpaka pagalimoto, akuthokoza mumtima kuti pali munthu wopusa wovomera kukhala m'bwinja lotere.

Koma kuseri kwa nyumbayo kunali dziko lina. Kumeneko a Dzoole sanafikeko chilowereni Nadzonzi, chifukwa njira yake inkadutsa pa chimbudzi chimene iwo analonjeza kukonza chaka choyamba. Munthu sayenda dala kukakumana ndi lonjezo lake, ndiye ankathera pakhomo la kumaso. Nadzonzi anachikonza yekha chimbudzicho mwakachetechete, nazinga mpanda wautali wa udzu, ndipo m'kati mwa mpandamo munali posesa bwino, pozira ndi dothi lofiira, ndi mtengo wa mapeyala.

Mtengowo unali ndi mbiri yake. Tsiku limene analowa m'nyumbayi, kusamuka kwawo kwa khumi ndi kanayi, Nadzonzi ndi mwamuna wake Lekeleni anagawana peyala limodzi atakhala pa makatoni. Nadzonzi anatenga njere yake nakaikwirira kuseri. Lekeleni anaseka: "Mkazi wanga, ukudzalira yani? Sitidzadya ife zimenezo." Nadzonzi anayankha kuti watopa ndi kudzala mpiru. Lekeleni anamwalira chaka chachitatu, mtengo ukumufika m'mapewa, ndipo mawu ake aja anatsala akumuwawa Nadzonzi, osati chifukwa anali achipongwe, koma chifukwa theka lake linali litakwaniritsidwa kale. Chaka chino mtengowo unabala koyamba. Zipatso zinali lendelende, koma zosakhwima, ndipo peyala lothyoledwa lisanakhwime silipsa ngakhale ulivundike m'madeya mwezi wathunthu, limangofota. Nadzonzi sankafuna zambiri. Ankafuna miyezi iwiri yokha m'nyumbayo, kuti adye peyala limodzi la mtengo wake.

Sabata ya mpikisano itakwana, Mtolakatundu ananyasa kuposa kale lonse. Anthu anachita kubwerekana malata adzimbiri. Wina anasanjika matayala akutha padenga, wina anatsamiza mtengo kukhoma ngati likugwa. A Zangazonse ndi oweruza awo anayenda masiku atatu akugwira mphuno, osapeza ngakhale khomo limodzi lolembeka. Tsiku lachinayi, dzuwa lili paliwombo, a Nduna atamwa zoziziritsa kukhosi mabotolo anayi, anafika pakhomo pa Nadzonzi akuponda mosinthanitsa miyendo.

"Mayi, nyumba yanu taiona, yalephera," anatero mofulumira. "Koma tatithandizani, kuseri nkuti?"

Apa ndi pamene Nadzonzi anagwa nayo. Mayi wokhoza kunamiza mwini nyumba zaka zisanu ndi chimodzi analephera kunena bodza limodzi laling'ono, lakuti chimbudzi chinagwa. Analeredwa kuti mlendo wopanikizika samukaniza, ndipo pakamwa panayankha mutu usanaganize.

"Dutsani uku, bwana. Madzi osamba m'manja ali pachitsa."

A Nduna anapita akuthamanga, nabwerako akuyenda pang'onopang'ono, maso ali tong'o.

"Bwerani mudzaone!" anakuwa kuitana oweruza. "Tampeza! Pansi pozira! Sopo pachitsa! Mtengo wa zipatso!"

Nadzonzi anagwada pansi nagwira nsapato za a Nduna.

"Bwana, ndapota nanu, ndilepheretseni. Onani mng'aluwu. Onani ndowazi. Ndine mayi wauve ine, funsani aliyense."

"Nzoona, bwana, ndi auve kwabasi," anathandizira Zuze, amene anali ataima pamsewu ndi ngolo yake. "Dera lonse lino timawanena."

"Mwaona kudzichepetsa kwake?" anatero a Nduna kwa mlembi wawo. "Lembani zimenezonso."

Mwambo wopereka mphoto unachitika Lachisanu, kuseri komweko. Mpanda wa udzu anaugwetsa kuti makamera aone bwino. Kunabwera gulu la ng'oma, kunabwera nduna zonse, ndipo pampando wakutsogolo panakhala mlendo wolemekezeka, mwini wa nyumba yopambana, a Dzoole. Bambo ameneyu analowa kuseri kwa nyumba yake koyamba chilowereni Nadzonzi, nadutsa pa chimbudzi chija osachizindikira. Kenaka anakweza maso naona mapeyala. Kuyambira pamenepo sanamvenso zolankhula za aliyense. Mutu unali chagada, milomo ikuyenda yokha. Pobwerera kumpando anakhudza mng'alu wa kukhoma uja, nayang'ana chala chake chakuda bii, namwetulira Nadzonzi.

Mfumu Chikhalire inalankhula ola limodzi ndi theka. Inati mtengo uwu ndi umboni wakuti munthu wa lendi akafuna amatha. Inati vuto la nyumba mu ufumu wa Msamuko latha lero. Kenaka a Zangazonse anavundukula nsalu, ndipo mphoto inaonekera: satifiketi ya m'galasi yopachika kukhoma, ndi wilibala yatsopano yobiriwira.

"Wilibalayi," anafotokoza a Nduna, "ndi ndondomeko yatsopano ya unduna wathu. Poti anthu athu amakonda kusamuka, boma liwapeputsire mwambo wawo."

"Satifiketiyo asakhomere msomali kukhoma langa," ananong'ona a Dzoole, koma mokuti onse amve.

Mfumu, poti inali yokoma mtima, inagwira dzanja la Nadzonzi nifunsa kuti, "Mayi, pali china chimene mtima wanu ukufuna? Nenani, lero ndi tsiku lanu."

Ng'oma zinaleka. Nadzonzi anagwada.

"Wawa, ndikupempha miyezi iwiri."

"Miyezi iwiri ya chiyani?"

"Yokhala pano, wawa. Mapeyalawa akhwime, ndilaweko limodzi."

Mfumu inayang'ana a Nduna, a Nduna anayang'ana kumwamba. Mfumu sinamvetse ngakhale pang'ono, ndipo musaiseke: kwa munthu amene sanasamukepo chibadwire, pempho lotere limamveka ngati munthu akupempha chilolezo chokhala ndi miyendo yake.

"Kodi si pano mukukhala kale? Alipo akukuthamangitsani?"

"Ndani angayerekeze, wawa!" analumpha a Dzoole, dzanja lili pachifuwa. "Mayi awa ndi mlongo wanga weniweni. Ine ndi iwo ndi amodzi."

"Basi, nkhani ya mayiwa ilibe vuto," inatero mfumu mokondwa. "Koma ndamva nkhawa yawo. Akudera nkhawa mtengowu, ndipo akunena zoona. Mlembi, lemba!"

Ndipo mlembi analemba lamulo limene mpaka lero ana asukulu a ku Msamuko amaloweza pamtima. Mtengo wa mapeyala wa ku Mtolakatundu ndi chuma cha ufumu. Palibe munthu adzauchotse pamalo pake, kaya ndi mwini nyumba, kaya ndi mwana wake, kaya mwanayo achokere kutali chotani. Ukafuna kusunthidwa, upatsidwe notisi ya zaka makumi asanu. Palibe wothyola chipatso chake popanda kalata ya unduna. Mfumu inasaina, nduna zinaomba m'manja, ndipo chikalata cha chidindo chofiira anachimangirira pathunthu la mtengowo ndi riboni.

"Mayi, mwasangalala?" inafunsa mfumu.

"Ndasangalalira mtengowu, wawa," anayankha Nadzonzi.

A Dzoole anapirira masiku atatu, ndipo anthu ena amati pamenepo anaonetsa umunthu. Lolemba m'mawa anafika, osaima pakhomo la kumaso monga kale, koma kulunjika kuseri, nakhala pamthunzi.

"Mlongo wanga, nkhani yake ndi yovuta," anayamba akusisita mawondo. "Mwana wanga uja wa Kutsidya..."

"Wanyamuka liti?" anafunsa Nadzonzi.

"Anationa pa kanema. Wasowa kwawo, mwana. Ndiye poti amakonda mapeyala chibadwire..."

"Achimwene, miyezi iwiri yokha. Mwanayo ayende pang'onopang'ono, aime ndi m'njira kuona abale."

"Tikiti anadula kale, mlongo wanga. Loweruka."

Nadzonzi sanakuwe, sanatukwane. Analira pang'ono a Dzoole atapita, ndipo kunena zoona, ngakhale ine wofotokoza nkhanine, amene ndimaseka zonse za ufumu umenewu, apa sindinaseke.

Loweruka Zuze anafika ndi zingwe monga analonjezera. Anamanga bedi, mashini osokera, ndowa ziwiri zija ndi makatoni omwe Nadzonzi anasunga zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa bedi. Satifiketi anaiika pansi pa mbaula kuti mbaulayo isagwedere. Nadzonzi anatunga madzi beseni limodzi, nakathira patsinde pa mtengo, nawongola riboni ya chikalata chija.

"Tsala bwino, iwe uli ndi mapepala," anauuza mtengowo, nanyamula wilibala yake.

Mbiri ya lamulo lija itamveka pamsika wa Pitanibwino, anthu anaiganizira mofatsa. Lolemba lotsatira, pakhomo pa Unduna wa Madenga ndi Zitseko panali mzere wofika kumsewu. Mayi wa tomato uja anali kutsogolo, nthambi ya bulugamu ili kumutu. Zuze anaima m'beseni la dothi, mikono ili m'mwamba.

"Mukufuna chiyani anthu inu?" anafunsa kalaliki pawindo.

"Tabwera kudzalembetsa ngati mitengo," anayankha Zuze. "Ine mundilembe m'bawa. Ana anga atatu ndi mbande."

"Mitengo siyankhula, bambo."

"Mukangotipatsa notisi ya zaka makumi asanu, simudzatimvanso."

Kalaliki, amene naye anali atauzidwa dzulo lake kuti mwana wa alandilodi ake wafika pachipata cha dziko, anayang'ana uku ndi uku, nafunsa chapansipansi ngati malo a mgwafa alipo. A Zangazonse anakauza mfumu kuti anthu a ku Mtolakatundu ayamba kukonda zachilengedwe, ndipo mfumu inawakweza udindo.

Patapita miyezi iwiri, Nadzonzi ali pa mashini ake pakhonde la sitolo, panafika mayi wachitsikana wovala bwino, atafumbata kanthu m'chitenje.

"Ndinu a Nadzonzi? Ine ndine Nachuma, mphunzitsi. Ndikukhala m'nyumba munkakhala inu ija."

Nadzonzi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu mwana wa a Dzoole wa Kutsidya uja? Mwakula bwino."

"Ine kwathu nkuseri kwa msika konkuno, mayi," anaseka Nachuma. "Ndabwera ndi ichi. Lamulo likuletsa kuthyola, koma ndaliwerenga kawiri, silikunenapo za chogwa chokha. Linagwa Lachitatu, ndinalivundika m'madeya."

Anamasula chitenje. Linali peyala lalikulu, lakuda, lofewa pansi pa chala. Nadzonzi analilandira ndi manja awiri.

"Ndiponso ndili ndi pempho," anapitiriza Nachuma. "A Dzoole ayamba kunena kuti mwana wawo wachiwiri wasowa kwawo. Akuti inu mumadziwa kujambula mng'alu."

"Mubwere Lamulungu ndi khala lanu," anatero Nadzonzi. "Koma mlendo akapempha kuseri, muzimuuza kuti kunagwa."

Madzulo a tsiku limenelo, pakhomo pa kachipinda kake katsopano, kamene kanali kale ndi mng'alu wokongola kukhoma, Nadzonzi anadula peyala lija pakati. Theka anapatsa Zuze, amene anadutsa ndi ngolo yopanda katundu. Theka linalo anadya yekha pang'onopang'ono ndi supuni, mpaka kupala khungu.

"Lekeleni, ndadya," anatero motsitsa mawu. "Unanama theka."

Njere inatsala m'dzanja lake. Anayang'ana pabwalo, pamene panali dothi labwino lakuda, ndipo Zuze anaona kumene maso akewo akuloza.

"A Nadzonzi, musayambenso. Alandilodi a pano ali ndi ana anayi Kutsidya."

Nadzonzi analowa m'nyumba natulutsa wilibala ya mfumu ija, naiboola pansi ndi msomali malo atatu, naidzaza dothi lakuda lija. Anakwirira njere pakati, nathira madzi, kenaka anagwira zigwiriro nayesa kuikankha kuti aone kulemera kwake. Tayala linayenda bwinobwino.

"Uyu alibe mapepala ngati ine ndemwe," anauza Zuze akupukuta manja pachitenje. "Mwana akadzanyamuka Kutsidya, tidzanyamukira limodzi."